Mwendo wa a Rowland, Dzanja la Tayamika

M'mawa uliwonse, asanasambe n'kumaso komwe, a Marita amagogoda nsapato. Amatola imodzi, kuizondotsa, kuimenyetsa pamwala wa pakhonde, kenaka kusuzumira m'kati. Amayamba ndi jombo zawo zopitira kunkhuni, n'kumalizira nsapato ya amuna awo a Rowland, imene imakhala yokha yopanda inzake. Mudzi wawo uli m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira, mukapitirira Malindi, ndipo oyandikana nawo anazolowera phokosolo moti ena amadzukira lomwelo. Masiku ambiri m'nsapatomo mumagwa mchenga wokha. Koma chinkhanira chinagwamo kale, ndipo a Marita amati chinkhanira sichilengeza tsiku lobwera.

Mayiwa ntchito yawo ndi kuwamba nsomba. Anaiyamba ali mtsikana, atalekezera sukulu panjira, ndipo mpaka lero zovala zawo zimanunkhira utsi ngakhale yunifolomu ya amayi a mpingo wa Anglican imene amavala kutchalitchi. Amagula milamba ndi kampango kugombe, kutumbula, kupinda, kuyala pa waya wa uvuni. Wowamba nsomba moyo wake uli pa nkhuni, ndipo pamene pali mulu wa nkhuni pamabwera makoswe, pamene pali makoswe pamabwera njoka. N'chifukwa chake nkhuni za a Marita sizigona pansi. Anazipangira thandala lake, ngati la usipa, ndipo pochotsa chikuni amachikoka ndi ndodo yangowe, dzanja lili kutali. Udzu pakhomo pawo sumera, khola la nkhuku analisamutsira kumalire, ndipo neti ya udzudzu amaipisa pansi pa mphasa mbali zonse, ati neti sitchinga udzudzu wokha.

Anthu amabwera kwa iwo ndi tizovuta tatsiku ndi tsiku. Mwana akalumidwa ndi njuchi, a Marita amapala mbola ndi chikhadabo osaifinya, n'kuikapo nsalu yonyowa. Msodzi akabayidwa ndi munga wa nsomba ya nkholokolo, amamuviika dzanja m'madzi otentha oti munthu angapirire. Galu akaluma, amatsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri mpaka wolumidwayo atadandaula kuti ndoo yatha, kenaka amamuthamangitsira kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mwini galu alumbire kuti galu wake ndi wabwinobwino. Iwo si sing'anga ndipo salandira kanthu. Zonsezi anaziona ndi kuzimva m'chipatala, chaka chimene anakhalako nthawi yaitali akudwazika a Rowland.

A Rowland anali siginala, munthu wopalasa bwato la nyali lokopa usipa. Tsiku lina nyengo ya mvula, akuchokera kunyanja m'mawa, anadzera kanjira ka m'munda wa chinangwa napondapo mphiri. Woyamba kufika anali a Simioni, mchimwene wa a Marita, mwinimbumba wa banja lonselo. A Simioni anachita zimene anaona akuluakulu akuchita. Anamasula mphira womangira katundu pa njinga yawo, namanga mwendowo pansi pa bondo mpaka mphirawo unalowa m'mnofu. Anatema ndi lezala pa mano a njoka, natikitapo mankhwala. Msewu unali utaduka ndi madzi, ndipo panyanja panali mphepo, choncho anadikira mpaka nyanja itachita bata. A Simioni anabereka mlamu wawoyo kumsana mpaka kugombe, napalasa okha bwato mpaka manja anachita matuza. Pofika kuchipatala, phazi linali litada ndi kuzizira. Mwendo anaudula.

Mlungu wachiwiri, anesi ena achikulire akutsuka chilonda anafunsa a Marita kuti anamanga ndani. Atamva kuti ndi mchimwene, anapukusa mutu, nanena motsitsa mawu kuti ululu wa mphiri umaononga pamene wakhala, ndiye ukautsekera malo amodzi n'kutsekanso magazi, mnofu umafa. Anawauza zoyenera kuchita likadzagwanso tsoka lotere: osamanga, osatema, osayamwa, munthu asayende, ndipo afike kuchipatala msanga. A Rowland anali chigonere, maso ali kudenga, koma anamva zonse.

Awiriwo sanapangane ndi pakamwa kuti asunge nkhaniyi. Inangosungika yokha. Akanayamba bwanji? A Simioni ndiwo ankabweretsa chimanga pakhomopo chaka chonse chimene a Rowland ankaphunzira kuyenda ndi ndodo. Ndiwo anawapezera ntchito yosoka maukonde, yoti azigwira atakhala pansi. Ndipo mudzi wonse unali utamaliza kale kuweruza: mwendo unapita, koma moyo anaupulumutsa ndi a Simioni. Eni akewo ankaikonda nkhaniyo. Ankaifotokoza pa bawo, pamaliro, ngakhale pa chinkhoswe cha Tayamika, mwana woyamba wa a Marita, pamene iwo anali ankhoswe. Chaka ndi chaka mphepo ya tsiku lija inkakulirakulira, ndipo mphiri ija inkanenepa.

A Rowland ankangoseka nawo. Iwo ndi munthu wa nthabwala. Anapezana ndi che Sulemani a ku Makanjira amene ng'ona inawachotsa mwendo wamanja, pomwe wa a Rowland unapita wamanzere, ndipo popeza saizi yawo ndi imodzi, mmodzi akagula nsapato amatumiza inayo pa lole. A Rowland amati ubale woposa umenewu sanauone.

A Marita ankayesa ndithu. Kumsonkhano wa amayi, kapena pa mjigo, ankanena kuti wolumidwa ndi njoka asamangidwe. Koma yankho linkakhala limodzi nthawi zonse, ndipo linkachokera m'nyumba mwawo momwe. Wina ankangofunsa kuti, nanga a Rowland akanakhala moyo lero akanapanda kumangidwa? Apo a Marita ankangosenza ndoo yawo n'kumapita. Mawu otsatira ankawadziwa, koma anali ndi dzina la mchimwene wawo m'kati.

Tsiku limene nkhaniyi inatuluka linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Dzulo lake ngolo inali itabweretsa nkhuni madzulo, n'kuzikhuthula pansi kuseri kwa uvuni. A Marita anali atatopa, anati aziika pa thandala mawa. M'mawa mwake kunamveka kuti maboti abwera ndi kampango wambiri, ndiye atangogogoda nsapato anathamangira kugombe ndi beseni.

Tayamika anakwatiwa m'mudzi momwemo ndipo amasoka zovala pa makina, pakhonde la golosale ya pamsewu. Mwamuna wake Jeffrey anali atapita ndi boti kutsidya. Poona kuti mayi ake abwera ndi nsomba zambiri, mtsikanayo anati awasonkhere moto. Ndodo yangowe inali chitsamire pakhoma. Iye anakulira pakhomo pomwepo ndipo ankaidziwa bwino, koma munthu ukafulumira umati chikuni chimodzi chokha sichingavute. Anapisa dzanja lamanja pansi pa mulu.

A Marita analandira uthenga woti Tayamika walumidwa ndi njoka akukwera chitunda, beseni lili pamutu. Analitula pomwepo panjira, agalu ali pafupi, osacheukanso. Atafika anapeza anthu ataunjikana kale. Anyamata anali kugwetsa mulu wa nkhuni ndi mitengo kufuna njokayo. Tayamika anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, atagwira dzanja lake. Kuseri kwa dzanja, pafupi ndi chala chachikulu, kunali timabala tiwiri totuluka magazi pang'ono, ndipo khungu linali litayamba kale kutupa. A Rowland anali chiimire pa ndodo zawo, nkhope itauma. Ndipo a Simioni anali atagwada pambali pa mwana wa mlongo wawoyo, njinga yawo ili gone pansi, lezala ili pakamwa m'kapepala kake, mphira utazungulira kale kamodzi pamkono.

A Marita si munthu woyankhula pagulu. Ngakhale kutchalitchi sanatsogolerepo pemphero. Anagwada mbali inayo, nagwira nsonga ya mphirawo.

"Achimwene, musamange."

A Simioni anayankha osawayang'ana, lezala ili pakamwa, kuti apite akatunge madzi, izi si za pa uvuni. Anakoka mphira. A Marita sanausiye. Amayi ena anayamba kung'ung'udza kuti nthawi ikutha, ululu ukwera kumtima. Wina anati mayi akaona magazi a mwana wake nzeru zimathawa, amuchotsepo. A Simioni analavula lezala ija m'dzanja lawo.

"Marita, mwanayu ndi wanga. Ukufuna tikamuike ndi manja onse awiri? Bambo akewo si awo aima apowo, amoyo?"

Linali funso lomwe lija la pa mjigo. A Marita anayang'ana dzanja la mwana wawo, dzanja limene limalowetsa ulusi pa singano osaphonya, ndipo anaona phazi lakuda lija. Mawu anatuluka otsika, koma aliyense anamva.

"Njoka inaluma, achimwene, koma mwendo uja unaphedwa ndi mphira. Anesi anandiuza ine, eni akewo ali pomwepo. Mukamanga apa, dzanja ili likatsala kuchipatala."

A Simioni anasiya kukoka mphira. Kenaka anatembenukira kwa a Rowland.

"Alamu, mukumumva mkazi wanuyu?"

A Rowland anasuntha ndodo zawo pamchenga. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, anthu anawaona akusowa nthabwala.

"Alamu, munandibereka kumsana, ndipo ana anga anadya chimanga chanu. Zimenezo ndidzafa nazo. Koma ndi zoona. Ine ukonde ndimasoka nditakhala pansi, mwendo sindiufuna. Uyu makina ake amafuna dzanja."

A Simioni anayang'ana mphira uli m'manja mwawo. Anamasula zala zawo, mphira unagwera pa miyendo ya Tayamika, ndipo anadzuka pang'onopang'ono ngati munthu wodwala msana. Palibe anawayang'ana kumaso.

A Marita analibe nthawi yoti amve chisoni. Anauza anyamata aja kuti asiye njokayo, angalumidwenso wina, popeza Tayamika anali ataiona bwino: yaifupi, yonenepa, yamutu waukulu. Anaitanitsa sopo ndi madzi, napaka pa chala cha mphete. Mtsikanayo amavala mphete yake ya ukwati kudzanja lamanja chifukwa kumanzere imamukhwepa, ndipo chalacho chinali chitayamba kale kudzaza. Anadandaula kuti a Jeffrey akabwera aziti chiyani. Mayi ake anati a Jeffrey anakwatira munthu, mphete ikhala m'thumba. Inatuluka movutikira. Anamuvulanso chibangiri. Anatenga chidutswa cha nkhafi yothyoka chimene a Rowland amakulungirapo ulusi, nagoneka mkono wonse pamenepo, n'kukulunga ndi chitenje mosathina, moti chala chinkatha kulowa pansi pa nsalu. Mayi wina anabwera ndi chikho cha mizu yosinja kuti amwe. A Marita anathokoza, nachiika pambali.

Tayamika anafuna kudzuka kuti ayende mpaka kumsewu. Anamuletsa. Swadick, wa kabaza wa njinga yamoto, anaitanidwa kuti alowe nayo mpaka pa mango pomwepo. Anamunyamula mtsikanayo n'kumukhazika pakati, a Marita kumbuyo, dzanja lina litamukumbatira, lina litachirikiza nkhafi ija kuti mkono usagwedezeke. Swadick ananena Bismillah naliza njinga. Podutsa pachipata a Marita anaona mchimwene wawo ataima payekha pafupi ndi uvuni, akukulunga mphira uja pa dzanja lawo.

Njira yonse ankamuyankhulitsa mwanayo kuti asachite mantha. Anamufunsa za diresi la mkwatibwi wina limene anali asanamalize, kuti manja ake adzakhala otani, mabatani adzagula kuti. Tayamika ankayankha ndi mano olumana. Swadick naye anathandiza, anati iye ananyamulapo mbuzi, matumba a simenti ndi mayi wobereka, koma wolumidwa ndi njoka wopanda mphira pamkono n'koyamba, ndiye ngati zikayenda bwino azidzauza anthu kuti anachiza ndi iyeyo.

Kuchipatala cha mishoni anawalandira msanga. Kutupa kunali kutadutsa pachigongono. Adokotala anafunsa ngati anamanga kapena kutema, ndipo atamva kuti ayi, anangogwedeza mutu napitiriza ntchito yawo. Analemba mzere ndi cholembera pakhungu pamene kutupa kunalekezera, anamuika diripi, kenaka anati apite naye ku chipatala chachikulu cha ku boma. Ambulansi inawaolotsa Shire dzuwa litapendeka.

Masana onsewo a Marita anakhala pa benchi, mphete ili pa mfundo ya chitenje chawo. Apa ndi pamene mantha anawapeza. Mkono wa Tayamika unali utatupa mpaka kufupi ndi phewa, wonyezimira, matuza atatuluka kuseri kwa dzanja. Pamenepo anali atalembapo mzere wachiwiri, ndipo mankhwala opha ululu wa njoka anali kulowa dontho limodzilimodzi. Mumtima ankangomva mawu a mchimwene wawo, akuti ukufuna tikamuike ndi manja onse awiri. Mwanayo akanapita, mudzi wonse ukanadziwa amene anagwira mphira uja kuti usamangidwe. Ndipo ngakhale akanachira, panali munthu wina amene anali atamuvula pagulu nkhani yokhayo imene ankayenda nayo monyadira. Anayesa kupemphera koma mawu sankalumikizana, ndiye anangokhala n'kumayang'ana mzere wa cholembera uja.

Chakumadzulo anesi anabwera kudzaona. Kutupa kunali kutaima pa mzere wachiwiri. Anatsina chikhadabo cha Tayamika mpaka chinayera, nachisiya, ndipo chinabwerera kufiira. Anachita chomwecho zala zonse, a Marita akuonerera, kenaka anawauza kuti agwire okha. Zalazo zinali zofunda. Anesiwo anati magazi akufika, dzanja likhalapo. Chilonda chidzatenga nthawi ndipo makina ayambe wawaiwala kaye, koma dzanja ndi lake. Tayamika anafunsa ngati adzathe kumaliza diresi lija. Anesi anati mkwatibwiyo afune telala wina, koma wa chaka chamawa adzasokeredwa ndi iyeyo.

A Marita anagona kumalo kogona odwazika matenda, pa chitenje, pakati pa amayi a ku Katuli ndi ku Namwera amene sankawadziwa.

M'mawa mwake anadzuka kusanayere bwino monga mwa masiku onse. Anatola nsapato zawo, nazigogoda pa simenti. Potuluka kuti akatunge madzi osambitsa wodwala, anaona njinga itatsamira chipilala cha khonde. Anaizindikira kuti ndi ya mchimwene wawo ndi chishalo chake chokutidwa ndi chikopa cha mbuzi. Pa kaliyala panali dengu, ndipo m'dengumo munali kampango wowamba, wakuda mbali imodzi monga amawambira munthu wosazolowera uvuni. Anali kampango wa m'beseni lija anatula panjira. Mphira uja unali pa ntchito yake, utamanga dengulo kuti lisagwe.

A Simioni anali gone pakhonde pomwepo, atapinda miyendo, jekete atafunda kumutu. Fumbi la msewu linali lidakali m'akakolo. Nsapato zawo anali atavula n'kuzisiya pansi, pafupi ndi ngalande pamene pamamera udzu.

A Marita anatula ndoo. Anatola nsapato yoyamba, naizondotsa, naimenyetsa pa simenti, nasuzumira m'kati. Anatola yachiwiri nachita chimodzimodzi. Jekete inasuntha, ndipo diso limodzi lofiira linawayang'ana.

"Zala zikufunda, achimwene," anatero a Marita. "Dzukani mukamuone mwana wanu. Akufunsa amalume."

Anaika nsapatozo pafupi ndi mapazi awo, zitayang'ana kukhomo la wodi, natola ndoo yawo kupita ku mpope.